Mpando wa Wodwala m'Ndege

Mwezi wathawu tinapita kukazonda mai ena acikulire a mu mphakati mwathu, amene anali atangobwerako ku England kumene anakaona mdzukulu wao woyamba. Tinawapeza ali pamphasa, mwendo wamanzere atausanjika pa mtsamiro, wotupa kucokera m'bondo mpaka kuphazi. Bondo limeneli linauma zaka zambiri zapitazo, ndipo silipindika bwino. Pa ulendo wobwerera anapatsidwa mpando wapakati, munthu uku, munthu uku, ndipo kwa maola 7 sanaimirire ngakhale kamodzi. Madzi sanamwe, poopa kuti angafune kupita kucimbudzi ndi kudzutsa mnyamata amene anali m'tulo pambali pao. Titawafunsa cifukwa cimene sanapemphere mpando wina, anatiyankha motere: "Ana anga, ndikanayamba bwanji? Tikiti andigulira, cakudya alikundipatsa, ndiye ndiyambenso kusankha pokhala ngati ndege ndi yanga?" Kucipatala anapeza kuti magazi anaundana mu mtsempha wa m'mwendo, ndipo tsopano maiwo ali pa mankhwala a miyezi ingapo.

Yankho lao tonse tilidziwa, pakuti ndi mmene tinaleredwera. Mlendo sasankha pogona, wopatsidwa sadandaula. Khalidwe limeneli ndi labwino pamudzi, koma m'ndege likhoza kutayitsa moyo. Cimene tifuna kunena mwezi uno, okondedwa awerengi, ndi cakuti kupempha mpando woyenera thupi lodwala si mwano ndipo si kupemphetsa. Makampani a ndege ali ndi dongosolo la zimenezi. Cofunika ndi kudziwa copempha, nthawi yopemphera ndi mapemphedwe ace. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ulendo unatalika

Acikulire akumbukira Nkwazi, ndege yaikulu ya DC-10 ya Zambia Airways yakale, imene inali kunyamula anthu pa Lusaka kupita nao ku London ndi ku Rome. Kampaniyo inatsekedwa mu Disembala 1994, ndipo British Airways nayonso inaleka kubwera ku Lusaka mu 2013. Masiku ano wonyamuka pa bwalo la Kenneth Kaunda kupita ku Ulaya, ku India kapena ku America amasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg, Dubai kapena Doha. Kucokera ku Lusaka kufika ku Dubai ndi maola pafupi-fupi 7, ndipo kucokera ku Dubai kufika ku London ndi enanso 7 ndi kanthu. Wodzera ku Johannesburg amakhala maola pafupi-fupi 11 m'ndege imodzi kuti afike ku London. Tikaonjezapo maola odikira pabwalo, ulendo umadya usana ndi usiku.

Tsono taonani amene amakwera ndege zimenezi: agogo oitanidwa kukathandiza mwana wao amene waona khanda kunja, odwala opita ku India kapena ku South Africa amene amabwerako mabala a opaleshoni asanapole bwino, ndiponso oyenda ulendo wa mapemphero ku Rome kapena ku Lourdes, amene ambiri a iwo ndi aimvi.

Zimene thupi limaona m'mwamba

Ndege ikakwera, mpweya wa m'kati mwace umapepuka ngati wa pamwamba pa phiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Lusaka ili pa mamita pafupi-fupi 1,300, ndipo nsonga za mapiri a Mafinga, zimene ziposa malo onse m'dziko lathu, zili pa mamita 2,300 ndi kanthu. Wathanzi sazindikira kusiyanaku, koma wodwala mtima kapena mapapo, wocepa magazi, ndi wa matenda a sickle cell akhoza kubanika. Ndiponso mpweya umene uli m'thupi umafufuma ndi magawo pafupi-fupi 30 pa 100. N'cifukwa cace amene wacitidwa opaleshoni yaikulu ya m'mimba amauzidwa kudikira masiku ngati 10 asanakwere. Wothyoka fupa amene wangoikidwa cikhakha amadikira maola 48 ulendo ukakhala wautali, popeza ciwalo cothyoka cimatupa.

Coopsa cina ndi kukhala malo amodzi. Mu 2007 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza zimene linapeza pa kafukufuku wace: munthu akakhala osasuntha pa ulendo wa maola 4 kapena kuposerapo, ngozi yakuti magazi aundane m'mitsempha imawirikiza kawiri. Mwa apaulendo 6,000 otere ndi mmodzi cabe amene zimamcitikira, cotero tisacite mantha. Koma ngoziyo imakula kwa amene anacitidwa opaleshoni posacedwa, odwala khansa, amai apakati, onenepa kwambiri ndi amene zinawacitikirapo kale. Magazi oundanawo akathothoka ndi kukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu akhoza kufa. Apa ndi pamene mpando umasanduka nkhani ya moyo, cifukwa wokhala m'mbali mwa kanjira amaimirira nthawi imene wafuna, pamene wokhala pakati amadikira cifundo ca mnzace.

Mipando siifanana

Kumene ambiri a ife timakhala mipando ndi yothinana: kucokera pa mzere wina kufika pa unzace ndi masentimita pafupi-fupi 80. Komabe mipandoyi siifanana yonse.

Mpando wa m'mbali mwa kanjira ndiwo woyenera odwala shuga, abambo amene amataya madzi pafupi-pafupi, amai apakati ndi aliyense amene dotolo wamuuza kuti aziyenda-yenda. Pa mipando ina yotere cotsamira mkono cimatukulika, kotero kuti wosatha kuimirira amangosendezedwa. Wa mwendo wouma anene mbali yace: ngati ndi wamanzere, kanjira kakhale kumanzere.

Mzere woyang'anana ndi cipupa uli ndi malo a maondo, ndipo palibe wakutsogolo wogonetsa mpando wace pa inu. Koma zotsamira mikono za pamenepo sizitukulika cifukwa kathebulo kodyerapo kamakhala m'kati mwace, cola sicikhala pamapazi ponyamuka ndi potera, ndipo ndi pomwepo pamene amamangirira mabedi a makanda. Mipando imeneyi ndi yocepa ndipo imatha msanga.

Mzere wa pa khomo lothawira pangozi uli ndi malo aakulu otambasula miyendo, koma wodwala, wolemala kapena mwana sapatsidwa. Wokhala pamenepo ayenera kukhala ndi mphamvu zothandiza kutsegula citseko zinthu zikavuta. Akatikaniza mpando umenewu tisakwiye, pakuti ndi lamulo la citetezo ca onse.

Amene mwendo wace supindika konse nthawi zina amauzidwa kugula mpando woonjezera. Wosatha kukhala tsonga amayenda pa macila, amene amatenga malo a mipando ingapo, ndipo mtengo wace ndi waukulu. Banja lidziwe zimenezi lisanagulitse ng'ombe.

Mapemphedwe ace

Coyamba, nenani pogula tikiti, ndipo mukacedwa kwambiri pakhale patatsala maola 48. Mau awa apite makamaka kwa ana athu ali kunja, amene amagulira makolo tikiti pa intaneti, nasankha yochipa, nalumpha gawo lofunsa za cithandizo. Pa tsiku la ulendo mipando imakhala itagawidwa kale, ndipo wogwira nchito pa kauntala, ngakhale akhale wacifundo cotani, sangapereke cimene palibe.

Caciwiri, dziwani zilembo zimene makampani a ndege pa dziko lonse amagwiritsa nchito popempha njinga ya olemala. WCHR ndi za munthu amene atha kukwera masitepe koma sangayende mtunda wautali wa pabwalo. WCHS ndi za amene sangakwere masitepe koma atha kuyenda m'ndege kufika pampando. WCHC ndi za amene sangayende konse, wofunika kuperekezedwa mpaka pampando pa kanjinga kopapatiza. Kusiyanaku n'kofunika, popeza pa mabwalo ena anthu amatengedwa pa basi ndi kukakwera ndege pa masitepe. Cakudya ca odwala shuga cimalembedwa DBML, ndipo naconso cimapemphedwa pasadakhale.

Cacitatu, tengani kalata ya dotolo, ndipo kalatayo inene cosowa, osati dzina la matenda lokha. Mau akuti "ali ndi nyamakazi" sauza kalaliki cocita. Koma akalemba kuti bondo lamanzere silipindika, ndipo wodwalayo afunika mpando wa m'mbali mwa kanjira, kanjirako kali kumanzere, pafupi ndi cimbudzi, kalaliki adziwa mpando woufuna. Amene wacitidwa opaleshoni posacedwa, wofuna okosijeni m'ndege kapena woyenda pa macila amadzaza fomu yochedwa MEDIF. Dotolo wace amalemba mbali yace, ndipo madotolo a kampani ya ndege ndiwo amavomereza. Zimenezi zimatenga masiku. Amai apakati amafunsidwa kalata pakati pakafika milungu 28 kapena 29, ndipo makampani ambiri salola kukwera pakapitirira milungu 36, kapena 32 ngati ali mapasa. Wodwala cifuwa ca TB amene akali wopatsira ena asakwere ndege kufikira dotolo atamlola.

Cacinai, pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe, pamodzi ndi nambala ya mpando, pa ndege iliyonse ya ulendowo, popita ndi pobwera. Lonjezo la pa lamya lili ngati fodya wa pacala, amene ndi wa mphepo. Wanu ndi uyo ali pamphuno. Nthawi zina kampani imasintha mtundu wa ndege ndipo mipando imasokonezeka, cotero funsaninso kutatsala tsiku limodzi.

Dziwaninso kuti ogwira nchito m'ndege sanyamula munthu, samdyetsa, sampatsa mankhwala ace, ndipo samthandiza m'kati mwa cimbudzi. Wofuna cithandizo cotere ayende ndi womperekeza, ndipo apemphe kuti akhale moyandikana.

Kodi lamulo likuti ciani?

Kwathu kuno lamulo la anthu olemala la 2012 limaletsa tsankho. Ku maiko a European Union kuli lamulo nambala 1107 la 2006, limene Britain inalisunga ngakhale itacoka m'bungwelo. Limanena kuti cithandizo ca pabwalo ndi caulere, kuti njinga ya wolemala inyamulidwe popanda malipiro, ndipo kuti pa ndege zonyamuka m'maikowo kampani iyesetse kupereka mpando woyenera ndi kukhazika woperekeza pafupi. Ku America kuli lamulo la Air Carrier Access Act la 1986, limene limagwiranso nchito pa ndege za maiko ena zolowa kapena kutuluka m'dzikolo. Kumeneko wa mwendo wosapindika ali ndi ufulu wopatsidwa mpando wa pacipupa kapena wina wa malo okulirapo. Koma palibe lamulo mwa amenewa limene limakakamiza kampani kusamutsira munthu ku mipando yodula kwaulere. Pa maulendo osakhudza maikowa, monga wopita ku India kudzera ku Dubai kapena ku Addis Ababa, werengani malamulo a kampani imene mwasankha musanalipire.

Pa tsiku la ulendo

Fikani msanga, ndipo pa kauntala onetsani zimene analemba. Odwala amaloledwa kukwera anzao asanayambe. Mankhwala onse akhale m'cola ca m'manja, m'mabokosi ace, pamodzi ndi kalata ya dotolo. Insulin isaikidwe m'katundu wa pansi pa ndege cifukwa ikhoza kuonongeka ndi kuzizira, ndiponso sutikesi imasocera. Maiko ena, monga United Arab Emirates, ali ndi malamulo okhwima pa mankhwala opha ululu monga tramadol ndi codeine, cotero funsani musananyamuke. M'ndege imwani madzi, gwedezani mapazi, ndipo imirirani ndi kuyendako pakapita ola limodzi kapena awiri. Za masokosi othina apadera funsani dotolo. Mukafika, mwendo umodzi ukatupa kapena kuwawa, kapena mukamva kubanika ndi kupweteka m'cifuwa, ngakhale patapita milungu, thamangirani kucipatala ndi kunena kuti munali pa ulendo wautali.

Kwa ife athanzi

Nkhaniyi ili ndi mbali yaciwiri. Alipo ena amene amapempha njinga ya olemala ali bwino-bwino, pofuna kudumpha mzere. Njinga ndi ozikankha ndi owerengeka, ndipo wodwala weni-weni amatsala akudikira. Kumeneku ndi kulanda ca wosauka. Ndiponso tsiku lina wogwira nchito m'ndege adzatiweramira ndi kutipempha kuti tisiyire gogo wina mpando wathu wa m'mbali. Mwina tinaulipirira, ndipo sitikakamizidwa. Koma mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Tikaona wacikulire wakhala duu pakati kwa maola ambiri, tisadikire kuti apemphe, cifukwa sadzapempha. Timuuze ife eni kuti, "Amai, mukafuna kutuluka mundidzutse, musacite manyazi."

Mai a mu mphakati mwathu aja aitanidwanso ku England caka ca mawa. Poyamba anakana, nati ndege sadzaikweranso. Tinakhala nao pansi, tinalemba pa pepala zimene bondo lao lifuna, ndipo pepalalo latumizidwa kwa mwana wao tikiti isanagulidwe. Ngati m'banja mwanu kapena mu mphakati mwanu muli wodwala amene akukonzekera ulendo wautali, mpitireni sabata lino ndi kumfunsa ngati mpando wace unalembedwa.