Maziko Anai, Denga Palibe

Munthu woyenda m'midzi ya ku Chiparamba m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amaona zizindikiro za khama monga momwe zionekera m'madera ena ozungulira Chipata. Apa pali njerwa zoumbira nyumba ya aphunzitsi, apo pali maziko a cipinda ca sukulu, kudambo kuli mulu wa miyala ya mlatho, ndipo kwina kuli cipupa cimene cinalekezera pa mazenera. Anthu a kumidzi si aulesi ai. Koma wobweranso mu Febuluwale kawiri-kawiri amapeza njerwa zosaocha zitasungunuka ndi mvula, maziko atamera udzu wofika m'ciuno, ndipo ana akali kuphunzirira pansi pa mtengo.

Bvuto lake liri pa kuculuka kwa nchito zoyambidwa nthawi imodzi. Anthu oumba njerwa ndi omwewo otuta miyala, ngolo yotuta mcenga ndi imodzi yomweyo, ndipo mmisiri wodziwa kukhoma denga amakhala mmodzi m'midzi ingapo. Nchito zinai zikayambika pamodzi, anthu awa amagawanika panai, ndipo nchito iri yonse imayenda ngati nkhono.

Kuwerengera kwake nkosabvuta. Gulu limene limatha cipinda cimodzi m'miyezi 2 lifunika miyezi 6 kuti limange zipinda zitatu. Likamanga cimodzi-cimodzi, ana alowa m'cipinda coyamba patapita miyezi 2, m'caciwiri patapita miyezi 4, ndi m'cacitatu patapita miyezi 6. Likayamba zonse pamodzi, palibe mwana amene alowa m'cipinda ciri conse kufikira miyezi 6 yonse itatha. Thukuta ndi limodzi-modzi, koma ana a m'cipinda coyamba ataya miyezi 4 pacabe. Ndiponso miyezi 6 imeneyo ndi ya papepala cabe, pakuti masiku ena amathera pa kusamutsa migolo ya madzi, makwerero ndi mafosholo kucoka pa maziko awa kupita pa ena. Simenti yogulidwiratu imauma m'matumba ikagwira cinyontho, ndipo mitengo ya denga yosiyidwa pansi imakhala cakudya ca ciswe.

Alimi acikulire akumbukira pulogalamu ya Lima, imene Boma la Dr. Kenneth Kaunda linafalitsa ca m'ma 1980. Lima imodzi ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi, kotero kuti malima anai akwanitsa hekitala imodzi. Alangizi a zaulimi anali kuphunzitsa anthu kupima munda ndi cingwe, ndi kupima fataleza ndi kapu. Nzeru yaikulu imene inali m'menemo ndi yakuti banja lilime malo amene lingathe kubzala pa nthawi yake, kupalira pa nthawi yake ndi kuthira fataleza wokwana, ndipo likakhoza pamenepo liwonjezere lima yaciwiri. Cimanga cifuna kupaliridwa m'masabata atatu oyamba citamera. Banja la makasu anai limene labzala cimanga, nshawa, thonje, soya ndi mpendadzuwa m'minda ikulu-ikulu limafika ku munda womaliza udzu utapambana kale, ndipo pobwerera ku munda woyamba limapeza wameranso. Mbeu ndi fataleza zinalowa m'minda yonse isanu, koma nkhokwe imadzala ndi minda yokhayo imene khasu linafikamo msanga.

Dziko nalonso linaphunzira phunziro lomweli, ndipo linalipira ndalama zambiri. Njanji yocokera ku Mchinji kufika ku Chipata, yosakwana ndi makilomita 30 omwe, inayambika mu 1982, koma nchito inaima kaamba ka kusowa ndalama, ndipo inatsegulidwa mu 2010, m'nthawi ya Mtsogoleri Rupiah Banda. Kwa zaka 28 ndalama zimene zinakwiriridwa m'njira ya njanjiyo sizinanyamule thumba la cimanga ndi limodzi lomwe. Mu 2012 Boma linakhazikitsa nchito ya miseu yochedwa Link Zambia 8000, ndipo m'zaka zomwezo munayambikanso kumanga zipatala, masukulu ndi maofesi a maboma atsopano m'zigawo zonse. Pofika mu 2018, pamene Mai Margaret Mwanakatwe anali Nduna ya za Cuma, Boma linalengeza kuti ndalama ziyambe zapita ku nchito zimene zinali zitafika pa maperesenti 80 kapena kuposerapo, ndipo zotsalazo zidikire.

Ngakhale kutali ku Japan, kampani yopanga magalimoto ya Toyota inatukuka ndi lamulo lofanana ndi limeneli. M'zaka za m'ma 1950 injiniya wake Taiichi Ohno anayambitsa timakhadi tochedwa kanban. Wanchito sanali kupanga citsulo cina kufikira khadi litafika kucokera kwa mnzake wa kutsogolo, losonyeza kuti citsuloco cikufunika tsopano. Popeza makhadi anali owerengeka, zinthu zogwiridwa theka m'fakitale zinalinso zowerengeka, ndipo pamene nchito yatsamwa panali kuoneka msanga.

Nkhani iyi yakula tsopano cifukwa ndalama zofika kumidzi zaculuka. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zopempha za anthu zimayambira m'makomiti a citukuko a m'mawodi. Pamenepo ndi pamene pali ciyeso. Tsiku loika mwala wa maziko limakhala ndi nthungululu ndi alendo, pamene tsiku lopaka pulasitala palibe amene amaombera mmisiri m'manja. Anyakwawa onse afuna kuti mudzi wao uonekepo. Komiti, poopa kukhumudwitsa ena, imagawa matumba a simenti pang'ono-pang'ono ku midzi yonse, ndipo pamsonkhano aliyense amacoka wokondwa. Akulu-akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa, nanga anai?

Komabe mudzi umene wauzidwa kuti udikire uli ndi cifukwa comveka codandaulira. Makomiti amasintha, malonjezo a pakamwa amaiwalika, ndipo wodikira amaopa kuti ndalama zidzathera kwa anzake. Mantha amenewa ndiwo amacititsa anthu kukumba maziko msanga-msanga, ngati munthu woika cipewa pa mpando kuti wina asakhalepo. Cotero komiti yofuna kugwira nchito imodzi-imodzi iyenera kulemba m'buku mndandanda wa nchito zonse monga mwa kutsatana kwake, kuuwerenga pamaso pa mafumu ndi anthu, ndi kuupacika pa khoma la sukulu pamene aliyense angauone. Anthu a mudzi wodikira akathandiza pa nchito ya anzao, masiku ao alembedwenso, monga momwe zikhalira pa dima, kuti nthawi yao ikafika anzaowo adzabweze.

Lamulo limayesedwa kweni-kweni pa tsiku limene nchito yaima. Simenti ikacedwa kufika, anthu amaona ngati kukhala osakumba maziko ena ndi ulesi, ndipo ndi momwe nchito yaciwiri ndi yacitatu zimabadwira. Cofunika pa tsiku limenelo ndico kutuma anthu awiri ku Chipata kukalondola simentiyo, pamene otsala atuta mcenga, asema mitengo ya denga ndi kudzaza migolo, kuti ikafika mmisiri asadikirenso kanthu. Gulu lalikulu lingathe kusenza nchito ziwiri, monga kumanga cipinda uku ena akuumba njerwa za nchito yotsatira, malinga njerwazo ziochedwe mvula isanagwe. Yacitatu idikire kufikira imodzi mwa ziwirizo itakhomedwa malata.

Kuno Kum'mawa mvula imayamba kugwa ca mu Novembala, ndipo ikagwa makasu onse amapita kuminda kufikira nyengo yokolola. Komiti imene ikhala pansi mu Juni iri ndi miyezi 5 yokha ya manja a anthu, ndipo pa miyezi imeneyo ndi pamene iyenera kuwerengera kuti ndi madenga angati amene ingathe kukhoma.