ZA KUSUKULU NDI ZA KUMUNDA: Ufa wa M'tsamba

M'mwezi wa February, pocheza kwathu kufupi ndi Namitambo m'boma la Chiradzulu, ndinapeza alamu anga akutsutsana ndi mwana wawo wamkazi wa kusekondale. Iwo anali kupulula masamba a chimanga kuti akapatse ng'ombe yawo ya mkaka, pakuti kuno minda njochepa ndipo msipu ngwosowa. Mwanayo anati mwaulemu: "Bambo, mukuchepetsatu ufa m'nkhokwe." Alamu anaseka, nati ufa uchokera m'nthaka ndi m'feteleza, osati m'tsamba.

Mtsikanayo sanachulukitse mawu. Anatenga mbatata imene inamera m'chitini, naiika mumdima masiku awiri kuti ithe chakudya chimene inasunga m'masamba. Mmawa wa tsiku lachitatu anaphimba theka la tsamba limodzi ndi pepala lakuda, pamwamba ndi pansi pomwe, naitulutsa mbewuyo padzuwa. Dzuwa litapendeka anathothola tsambalo, naliviika m'madzi owira kwa mphindi imodzi. Kenaka analiika m'kabotolo ka sipiriti, ndipo kabotoloko anakaimika m'madzi otentha amene anali ataphula kale. Achinyamata, mverani bwino apa: sipiriti sayandikira moto, amayaka msanga. Kubiriwira konse kunasungunukira m'sipiritimo, tsamba n'kutsala lotuwa. Analitsuka m'madzi ofunda, naliyala pa mbale yoyera, nadonthezapo ayodini amene aphunzitsi ake anamgawira.

Mbali imene inaona dzuwa inada bii ngati inki. Mbali yophimbidwa ija inangofiirira monga ayodiniyo. Tsono mwanayo anapempha ufa pang'ono kwa amayi ake, nadonthezaponso, ndipo ufawo unada chimodzimodzi. Alamu anayang'anitsitsa mbale ija osanena kanthu.

Chimene chimada ndi ayodini ndicho sitachi, ndipo ndicho chimadzaza njere ya chimanga, chinangwa ndi mbatata. Tsamba lobiriwira limatenga madzi ochokera kumizu ndi mpweya umene ife timatulutsa popuma, n'kupanga shuga ndi mphamvu ya dzuwa. Wina limausunga ngati sitachi, wina limautumiza kuchisononkho kapena kumizu. Ntchito imeneyi kusukulu amaitcha photosynthesis. Katswiri wa zomera wa ku Germany, Julius von Sachs, ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti sitachi amapangika m'tsamba pokhapokha likaona kuwala, ndipo njira yake ya ayodini ndiyo ana athu akuphunzira kufikira lero.

Komatu alamu anga sanaphonye kotheratu. Feteleza ndi manyowa zimathandiza tsamba kukula ndi kubiriwira. Tonse taonapo chimanga chachikasu m'munda wosathira, ndi tizisononkho take tomvetsa chisoni. Chimene anaiwala n'chakuti feteleza salowa m'nkhokwe popanda kudzera m'tsamba. Kodi sitikumbukira ntchemberezandonda za m'chaka cha 2017? Zinabowola masamba, ndipo ngakhale amene anathira feteleza anadandaula pokolola.

Ine sindinena kuti ng'ombe igone ndi njala, kapena kuti amayi aleke kutchera chigwada ndi kholowa. M'miyezi imeneyi ndiwo n'zimenezo. Ndinena kuti tidziwe tsamba lotenga ndi losiya. Pa chimanga, tsamba la pachisononkho ndi onse a pamwamba pake ndiwo amadzaza njere, chotero asakhudzidwe kufikira njerezo zitalimba. A m'munsi amene ayamba chikasu angathe kupita kukhola. Pa chinangwa ndi mbatata, titenge pang'ono pa phata lililonse, osakuula limodzi.

Pamene ndinali kutsazika, alamu anali kufunsa kumene angapeze mbewu ya nsenjere yobzala m'malire mwa munda. Kufikira nsenjereyo itakula, ntchito yomweta udzu kudambo yagwera mtsikana uja, Loweruka lililonse.