Chinsinsi Chobisira Mnzako wa Pankhondo Ndi Mkondo wa Mdani

Pa 14 April 1994, dzuwa likuswa mtengo, mahelikopita awiri a asilikali a pamtunda a dziko la America anali kuuluka m'zigwa za kumpoto kwa Iraq. Ananyamula anthu 26: a ku America 15, a mtundu wa Kurd 5, a ku Turkey 3, a ku Britain 2 ndi wa ku France mmodzi, onsewo ali pa ntchito yoteteza anthu a m'deralo ku nkhanza za boma la Saddam Hussein. Ndege ziwiri za nkhondo za mtundu wa F-15 zinawaona, zinawayesa a mdani, n'kuwaphulitsa ndi mizinga. Sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Ndegezo sizinali za Iraq ayi. Zinali za America yemweyo.

Ofufuza atafukula nkhaniyi anapeza zinthu zochititsa manyazi. Kumwamba kunali ndege yaikulu yolondera yotchedwa AWACS, imene ntchito yake ndi kuona chilichonse chouluka ndi kuuza anzake. A m'ndegeyo anali atalankhula kale ndi mahelikopitawo pa wailesi, koma sanachenjeze oyendetsa F-15 kuti m'deralo muli abale awo. Mndandanda wa maulendo a tsikulo sunatchule nthawi ngakhale njira ya mahelikopita aja. Kachipangizo kamene ndege imadzidziwitsa nako kwa anzake kanali pa nambala yosiyana ndi imene ankhondo a mumlengalenga anali kugwiritsa ntchito m'deralo, ndipo mawailesi a mbali ziwirizi sanali kumvana. Uthenga wonse woyenera kupulumutsa anthu 26 unalipo, koma unali m'matumba osiyana.

Anzanga a m'chipani, ndi inu ogwira ntchito m'boma amene mumalemba ndondomeko ndi kuwerengera ndalama za dziko, nkhaniyi sindikuikamba pofuna kunyoza asilikali a dziko lina. Ndikuikamba chifukwa pali kaganizidwe koipa kamene kanamera mizu m'magulu a nkhondo ambiri pa dziko lapansi, kakuti uthenga ndi chuma cha mwini ofesi, choti achikhalire monga nkhuku ikhalira mazira. Kaganizidwe kameneka kayenera kuzulidwa. Magulu onse oteteza dziko, a pamtunda, a mumlengalenga ndi a pamadzi, ayenera kulumikizidwa pa netiweki imodzi ya makompyuta ndi mawailesi, kuti chimene waona mmodzi achione onse oyenera kuchiona, pa nthawi imene chili ndi phindu. Amene akukana zimenezi, kaya chifukwa cha ulesi, kaya chifukwa cha nsanje ya udindo, akuthandiza mdani ngakhale atavala yunifolomu ya dziko lawo.

Makolo athu anali kuzidziwa zimenezi kompyuta isanabadwe. Mkango ukalowa m'mudzi, woyamba kuuona anali kukuwa, ndipo mkuwo unali kulandiridwa khomo ndi khomo mpaka mwamuna aliyense atatuluka ndi mkondo. Munthu woona chilombo n'kukhala chete, poti anthu a tsidya lina si a banja lake, anali kuyankha mlandu pabwalo. Nchifukwa chake akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Netiweki ya asilikali ndi mkuwo womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti umayenda pa nthambo ndi mumlengalenga, ndipo umanena ndi malo enieni pamene pali chilombocho.

Mbiri ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili ndi umboni wa mbali zonse ziwiri. M'chaka cha 1940 ndege za Germany zinali kukhamukira ku Britain tsiku ndi tsiku. Makina a rada, oona ndege zili kutali, anali nawo ndi Germany yemwe. Chimene Britain anapambana nacho ndi dongosolo limene anakhazikitsa mkulu wa ndege zoteteza dzikolo, Hugh Dowding. Zimene makina a m'mphepete mwa nyanja aona, ndi zimene anthu wamba zikwizikwi aona ndi magalasi oonera patali, zonse zinali kutumizidwa pa lamya. Ku likulu la ku Bentley Priory, pafupi ndi London, uthenga unali kupetedwa ngati chimanga, ndipo atsikana a usilikali anali kukankha timatabwa ndi ndodo pa mapu aakulu osonyeza pamene pali mdani. M'mphindi zowerengeka woyendetsa ndege anali atauzidwa kolowera. Motero ndege zochepa zinagwira ntchito ya ndege zambiri.

Chaka chotsatira, pa 7 December 1941, asilikali awiri a America okhala pa makina a rada pa chilumba cha Oahu anaona gulu lalikulu la ndege likubwera, kutatsala mphindi zoposa 40 kuti bomba loyamba ligwe pa Pearl Harbor. Anaimba lamya. Woyankha anaganiza kuti ndi ndege za kwawo zimene zinali kuyembekezeka kuchokera ku California, ndipo uthengawo unathera pomwepo. Ankhondo a pamtunda ndi a pamadzi pa chilumbacho anali ndi akulu osiyana, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye akulondera. Anthu oposa 2,400 anafa tsiku limenelo. Makina anaona, koma panalibe msewu woti chimene aonacho chiyendemo.

Matendawa ndi ouma mutu. M'chaka cha 1983, pamene America analowa ndi nkhondo pa kachilumba ka Grenada, asilikali a pamtunda analephera kulankhula ndi sitima za nkhondo za dziko lawo lomwe, chifukwa gulu lililonse linagula mawailesi akeake osafunsa mnzake. Manyazi amenewo ndi ena mwa zimene zinachititsa nyumba ya malamulo ya dzikolo kukhazikitsa lamulo la Goldwater-Nichols mu 1986, lokakamiza magulu onse kugwira ntchito pansi pa ulamuliro umodzi. Komabe patapita zaka 8 mahelikopita aja anagwetsedwa ku Iraq. Lamulo lolembedwa silisintha mtima wa bwana amene amaona kuti ulemu wake uli mu kiyi wa kabati.

Tsono timve zimene otsutsa amanena, pakuti nawonso ali ndi pakamwa. Choyamba amati: mukalumikiza zonse, kazitape mmodzi adzakolola munda wonse usiku umodzi. Amatchula za mu 2010, pamene msilikali wachinyamata wa America ali ku Iraq anakopera m'timadisiki makalata achinsinsi a akazembe pafupifupi 250,000 kuchokera pa netiweki ya asilikali, n'kuwapereka ku WikiLeaks. Zimenezi zinachitikadi, ndipo sindikuzichepetsa. Koma funso ndi ili: msilikali wamng'ono wa ku Iraq anali kufunanji m'makalata a akazembe a dziko lonse lapansi? Cholakwa chinali kutsekula zitseko zonse kwa aliyense popanda mlonda, ndi kulola munthu kutuluka ndi katundu wosafunsidwa. Nkhokwe ikabedwa sitileka kumanga nkhokwe, timakonza chitseko. Netiweki yokonzedwa bwino imapatsa munthu aliyense zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, ndipo imalemba dzina la amene watsekula chikalata, tsiku ndi ola lake. Fayilo ya pepala siinena amene anaiwerenga usiku.

Chachiwiri amati izi ndi za maiko olemera, ife amphawi tizingoyang'ana. Mawu amenewa ndi ulesi wovala jekete. Dowding analibe kompyuta ndi imodzi yomwe. Anali ndi lamya, mapu, ndodo ndi mwambo. M'masiku athu ano, asilikali a Ukraine, polimbana ndi Russia amene anawalowera ndi nkhondo yaikulu mu 2022, anagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa Delta, limene analemba akatswiri a dziko lomwelo. Limasonkhanitsa zimene zaonedwa ndi tindege topanda woyendetsa, ndi azondi, ndi makina a m'mwamba, n'kuziika pa mapu amodzi oonekera pa kompyuta wamba ngakhale pa foni ya m'manja. Ndipo tinene zoona: wosauka ndiye ayenera kulumikizana koposa. Wolemera akataya ndege imodzi amatulutsa ina. Amene ali ndi ndege zowerengeka ndi mafuta a madontho sangazitume kumene kulibe kanthu.

Chachitatu sachinena poyera, koma ndicho chenicheni. Pali akuluakulu ena amene mphamvu yawo yonse ili pa kudziwa chimene ena sakudziwa. Uthenga ukayamba kuyenda wokha, anthu adzaleka kugwada pa khomo la ofesi yawo, ndiponso zolakwa zawo zidzaonekera poyera. Anthu otere amabisala kuseri kwa mawu akuti chitetezo cha dziko, pamene chimene akuteteza ndi mpando wawo. Chinsinsi chenicheni cha nkhondo timabisira mdani. Chinsinsi chobisira mnzako amene mwagona naye m'dzenje limodzi ndi kumupereka.

Wina angafunse kuti ife a ku Malawi zikutikhudza pati. Zikutikhudza pa magazi a ana athu. M'chaka cha 2013 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera lomenya nkhondo kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, ndipo chaka chomwecho zigawenga za M23 zinagonjetsedwa. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo mu January 2025 enanso anataya miyoyo pa nkhondo ya kufupi ndi Goma ali pansi pa SADC. Kumalo otere mwana wa ku Ntcheu kapena ku Karonga amadalira maso a mlendo wolankhula Chiswahili kapena Chifalansa, ndipo mlendoyo amadalira maso ake. Maiko a NATO anakumana ndi vuto lomweli ku Afghanistan, kumene dziko lililonse linabwera ndi netiweki yake yotseka. Mu 2010 anamanga netiweki imodzi ya onse, dziko lililonse likusunga za m'nyumba mwake koma likuika pabwalo zonse zokhudza nkhondo imene anali kumenyera limodzi. Ngati maiko odzikuza ngati amenewo anagonja pa mfundo iyi, maiko a kum'mwera kwa Africa alibe chifukwa chodikira maliro ena.

Choncho kwa inu amene mumakonza za kugula katundu wa boma ndikuti: wailesi kapena kompyuta ya gulu loteteza dziko isagulidwe musanafunse ngati idzamvana ndi za magulu ena, ndi za anansi amene timapita nawo ku nkhondo. Musalole wogulitsa wakunja kusunga yekha makiyi a makina amene tagula ndi misonkho ya alimi, pakuti tsiku limene adzatikwiyire tidzakhala ogontha. Ndalama yophunzitsa anyamata ndi atsikana athu kukonza ndi kulondera makinawa ilembedwe pamodzi ndi mtengo wa makinawo, osati kukumbukiridwa zinthu zitafa. Ndipo popeza magetsi amazima ndipo mdani amadziwa kusokoneza mafunde a wailesi, mapu a pepala ndi mthenga wa njinga yamoto asatayidwe. Magulu aziyesa pamodzi kawirikawiri, makina akuyenda ndiponso makina atazimitsidwa dala, kuti cholakwika chioneke pa bwalo la masewero, chisakaoneke pa bwalo la nkhondo.

Kwa inu atsogoleri a nthambi ndi madera, pamene nkhani ya ndalama za chitetezo ifika pa misonkhano yanu, musamangofunsa kuti tagula mfuti zingati ndi magalimoto angati, zinthu zimene zimakoma pa perete. Muzifunsanso kuti msilikali wa m'malire akaona choopsa, mawu ake amatenga nthawi yotani kuti afike kwa amene angamuthandize, ndipo amadutsa pa madesiki angati. Oyendetsa F-15 aja anali ndi ndege zapamwamba. Chimene chinawasowa ndi mawu ochepa ochokera kwa munthu amene anali kuwadziwa, akuti awo ndi athu, musaombe.