Nsabwe za m'mutu: kupaka kamodzi sikokwanira

Sukulu zikangotsegulira, makolo ambiri amayamba kuona ana akukanda m'mutu ngati alumidwa ndi linthumbu. Mayi akayang'ana kuseri kwa khutu, apeza nyena zamatirira pa tsitsi. Athamangira kufamase, apaka mankhwala kamodzi, basi. Pakatha milungu iwiri mwana wayambiranso kukanda, mayi n'kumadandaula kuti anawagulitsa mankhwala achinyengo.

Kawirikawiri mlandu umakhala wa mazira. Mankhwala ambiri amapha nsabwe zoyenda koma amasiya nyena zina zili moyo, ndipo nyenazo zimaswa pakatha masiku 7 mpaka 10. N'chifukwa chake malangizo amati mupakenso pakatha sabata, kuti tiana tongoswa kumene tife tisanayambe kuikira. Kupaka kwachiwiriku n'kumene ambirife timaiwala, poti mwana wasiya kale kukanda.

Palinso vuto lina. Mankhwala a permethrin, omwe anthu awadalira kwa zaka zambiri, atha mphamvu m'madera ambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 ku America anapeza kuti pafupifupi nsabwe zonse zotoledwa m'zigawo 48 za dzikolo zinali ndi chibadwa chopirira mankhwalawa. Ife sitingadabwe nazo: mankhwala a gulu lomweli ndi amene amaikidwa m'maneti, ndipo udzudzu wa kuno kwathu nawonso unayamba kuwapirira.

Mankhwala a dimeticone amagwira ntchito mwa njira ina. Alibe poizoni, amangoikuta nsabwe ngati mafuta mpaka kufa, choncho n'kovuta kuti iwazolowere. Ivermectin wakumwa, pa kafukufuku wa mu 2010, anachotsa nsabwe mwa anthu 95 pa 100 aliwonse, pomwe malathion wopaka anachotsa mwa 85. Koma ivermectin ngwolembedwa ndi dokotala, ndipo sapatsidwa kwa mwana wosakwana makilogalamu 15.

Kwa banja lopanda ndalama, chipeso cha mano othithikana chimathandiza ndithu, bola kuleza mtima. A zaumoyo ku Britain amalangiza kupesa tsitsi lonyowa pa tsiku loyamba, la 5, la 9 ndi la 13. Kumeta mpala nakonso kumathetsa nkhani, ngakhale si mwana aliyense amene angavomere mosalira.

Tisaiwale kuti nsabwe siuluka ndipo sidumpha. Imayenda mitu ikagundana, ndipo ikagwa pansi imafa pasanathe masiku awiri. Sisankha mutu wauve kapena wosamba, ndiye palibe chifukwa chomuchititsira mwana manyazi.

Chimene tikukana kwamtuwagalu ndi parafini, petulo, ndi mankhwala a m'munda kapena osungira chimanga. Amatentha khungu, amalowa m'thupi, ndipo mutu wopakidwa parafini pafupi ndi mbaula ndi ngozi yoyembekezera.

Makolo, madzulo ano yang'anani mitu ya onse m'nyumbamo, thandizani onse amene ali nazo tsiku limodzi, ndipo lembani pa kalendala tsiku lopakanso.