Mlandu wa Gule wa ku Mponela

M'mwezi wa Meyi 2024 bwalo la milandu ku Dowa lidapeza bambo wina wa ku Mponela wolakwa pa mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko. Bamboyo sadabe, sadathyole nyumba, sadakhetse mwazi wa munthu. Adangotumiza pa gulu la WhatsApp la anthu a m'deralo kakanema ka pa TikTok koonetsa munthu akuvina, nkhope yake ataikapo ya Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, naonjezapo mawu achipongwe. Bwalo lidagamula kuti alipire K200,000 kapena akakhale kundende miyezi isanu ndi umodzi. Chochititsa manyazi koposa n'chakuti amene adakamuneneza adali anzake a pa gulu lomwelo.

Alipo akuluakulu amene amaombera m'manja zigamulo zotere. Iwo amati mafoni aononga ulemu, ana sakuopanso makolo, choncho boma ligwire chikoti. Akuluakulu ameneŵa aiŵala msanga. M'boma lomweli la Dowa muli Dzaleka, malo amene asanasanduke msasa wa anthu othaŵa kwawo mu 1994 adali ndende ya anthu oganiziridwa kuti sakugwirizana ndi boma la Dr Kamuzu Banda. M'masiku amenewo wailesi idali imodzi, ya MBC. Nyuzipepala za Daily Times ndi Malawi News zinkayamikira boma tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la mu 1968 lidapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku ndi mafilimu. Kwa mlimi wa ku Malomo kapena ku Nthondo, ndale zidali kugula khadi la chipani, kupereka mphatso ndi kutumiza mkazi wake kukavina pa msonkhano. Kale anthu ankakakamizidwa kuvinira mtsogoleri. Mu 2024 munthu adaimbidwa mlandu chifukwa chovinitsa mtsogoleri pa foni. Kusiyana kwake n'kotani?

Chimene chidagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi sichidali nyuzipepala ayi. Idali kalata ya maepiskopi a Chikatolika imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Boma lidailetsa, koma anthu adaichulukitsa pa makina okopera zikalata, namapatsirana mobisa m'maofesi ndi m'mabasi. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 dziko lidasankha nyali, ngakhale kuti ambiri ku Dowa ndi ku Ntchisi adavotera tambala wakuda. Udali ufulu wawo kutero. Komabe munthu amene kwa zaka makumi atatu wamva liwu limodzi lokha, sanapatsidwe mpata wokwanira woyerekeza.

Malamulo a dziko a mu 1994 adalonjeza ufulu wolankhula m'gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani m'gawo 36. Lonjezolo lidali labwino, koma nyuzipepala sizikwera mapiri. Zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, zimathera m'matauni, ndipo mayi wogulitsa mtedza pa Kamsonga sangasiye mchere kuti agule pepala. Wailesi zoima pazokha, monga Zodiak imene idayamba mu 2005, zidathandiza kwambiri. Koma pa wailesi wolankhula ndi mmodzi, omvera ndi khamu. Foni ndiyo idasintha zinthu. Ngakhale munthu wosadziŵa kulemba amatha kujambula mawu ake m'Chicheŵa, kudandaula za feteleza wochedwa, za mtengo wa soya, za mlatho wokokoloka, ndipo dzuŵa lisanaloŵe mawuwo amafika kwa khansala, kwa phungu ndi kwa mwana wake amene ali ku Johannesburg. Kumeneku ndiye kutenga mbali pa zoyendetsa dziko, osati kungodikira tsiku loponya voti kamodzi pa zaka zisanu.

Umboni ulipo. Pa 20 Julayi 2011, pamene anthu ankachita zionetsero zotsutsa boma la Bingu wa Mutharika, bungwe la MACRA lidaletsa nyumba zoulutsira mawu kuulutsa zochitikazo pomwepo. Anthu pafupifupi 20 adaphedwa, ndipo ambiri mwa amene adali ndi intaneti adamva za imfazo kudzera pa Facebook ndi Twitter. Zoonadi, mafoni otere adali ochepa kumidzi chaka chimenecho. Pofika pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 zinthu zidali zitasintha. Zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa tipeksi zidayenda pa mafoni m'dziko lonse, ndipo munthu wamba adadzionera yekha zimene kale akadangouzidwa. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidathetsa chisankhocho, ndipo pa 23 Juni chaka chomwecho Chakwera adapambana, anthu a ku Dowa ndi ku Ntchisi atamuvotera mwaunyinji. Foni yomwe idathandiza kumukweza ndi yomwe idadzatengera munthu wa ku Mponela kukhoti patapita zaka zinayi.

Palibe akukana kuti pa mafoni pamayendanso mabodza ndi zotukwana. Wotukwana adzudzulidwe ndi anzake, achotsedwe pa gulu ngati n'kofunika. Wonamiziridwa akadandaule kukhoti payekha ngati nzika ina iliyonse. Koma apolisi asasanduke alonda a nkhope ya mtsogoleri. Makolo adanena kale kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa bwalo la Gule Wamkulu, amene mizu yake ili m'mapiri omweŵa, zilombo zakhala zikunyogodola anthu amphamvu kuyambira kalekale popanda wina kuitana asilikali. Akamangidwa mmodzi, zikwi zimatseka pakamwa, ndipo otsekawo si otukwana okha: mphunzitsi amene akadafunsa za ndalama za chitukuko cha m'dera nayenso amabweza foni m'thumba. Atolankhani nawo sanapulumuke. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira Gregory Gondwe, namulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziŵa amene adamupatsa chikalata cha nkhani ya katangale.

Mu Julayi 2025 khoti lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lokhudza kuipitsa mbiri ya munthu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulocho sichidakhudze lamulo la mu 2016 loona za pa intaneti, limene apolisi akhala akumangira anthu olemba pa Facebook ndi WhatsApp. Lamulo limeneli lidakhazikitsidwa chipani cha DPP chikulamula, ndipo boma la MCP lidalipeza nkuligwiritsa ntchito. Mu Sepitembala 2025 MCP idagonja pa chisankho, Peter Mutharika nabwerera pa mpando. Amene adakaneneza mnzawo ku Mponela adadzuka m'maŵa mwake ali mbali yotsutsa boma, mafoni awo ali m'manja, apolisi ali pansi pa ena.