Zimalaputopu za magemu zadzaza m'tauni, koma musanalipire funsani kaye za mawati

Mukayenda pa Facebook Marketplace kapena pa status za anyamata ogulitsa zipangizo ku Lilongwe ndi ku Blantyre masiku ano, simuchedwa kukumana nazo. ASUS ROG Strix, MSI Titan, Alienware, Lenovo Legion, Acer Predator. Sikirini ya mainchesi 17 kapena 18, kiyibodi yowala mitundumitundu ngati basi ya ku Joni, mtengo wake wogula puloti kunja kwa tauni. M'makomenti ena akuti "loto langa", ena akufunsa ngati angalipire pang'onopang'ono.

Makinawa ndi amphamvudi, palibe akutsutsa. Koma adapangidwira munthu amene magetsi ake sazima, chipinda chake nchozizira, ndipo chinthu chikawonongeka amangobweza kusitolo. Kodi ndi angati mwa ife amene tili choncho?

Tiyambe ndi ubwino wake, chifukwa ulipo. Chomwe chimasiyanitsa laputopu ya magemu ndi laputopu wamba ndi graphics card, kachipangizo kamene ntchito yake nkujambula zonse zooneka pa sikirini. Zambiri mwa izi zimakhala ndi makadi a Nvidia otchedwa RTX. Mphamvu yomwe imayendetsa Call of Duty kapena EA Sports FC popanda kudodoma ndi yomweyo imene imafunika pokonza vidiyo mu Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, pojambula nyumba mu Revit, kapena popanga zithunzi za 3D mu Blender. Ndiye mnyamata wojambula maukwati amene kasitomala akumuimbira foni kawiri pa tsiku, kapena wophunzira zomangamanga ku MUBAS, sakupenga akamaisirira. Vidiyo imene laputopu wamba imatha nayo usiku wonse, iyi imamaliza iwe usanatsirize kudya nsima.

Ukulu wakewo ulinso ndi phindu. Thupi lalikulu limapereka malo a mafani akuluakulu, ndiye makinawo amagwira ntchito yolemetsa nthawi yaitali asanayambe kufooka ndi kutentha. Zambiri zimalolanso kuwonjezera RAM ndi SSD, zomwe malaputopu ambiri opyapyala salola. Ndipo sikirini yaikulu imakupulumutsa kugula monita.

Tsopano tibwere pa nkhani ya magetsi, pomwe pagona vuto. Chaja ya laputopu wamba imakhala ya mawati 45 kapena 65. Ya zimalaputopuzi imakhala ya mawati 230 mpaka 330, ndipo payokha ndi njerwa. Batire yake siingakule mopitirira, chifukwa malamulo a m'ndege salola munthu kukwera momasuka ndi batire yoposa 100Wh, ndiye opanga amaimira pa 99. Werengani nokha: batire ya 99Wh, makina ofuna mawati oposa 200. Atati agwire ntchito ndi mphamvu zonse, theka la ola silingakwane. Nchifukwa chake ukangozula chaja, laputopuyo imadzichepetsa yokha mphamvu. Gemu imayamba kudumphadumpha, vidiyo imayenda ngati kamba.

Apa mpamene anthu ambiri akupusitsika. Amaganiza kuti kugula laputopu m'malo mwa desktop nkuthawa kuzima kwa magetsi. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira nkuchotsa pafupifupi mamegawati 130 pa magetsi a dziko lino, momwe tinkakhalira mumdima maola ambirimbiri. Pa tsiku ngati limenelo, kalaputopu kotchipa kamakutumikira nthawi yaitali kuposa chimphona cha mamiliyoni. Ndipo kasola kakang'ono ka pakhomo, koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni, sikanganyamule chaja ya mawati 330. Ukagula makina, ukonzekerenso invata ndi mabatire ake.

Chachiwiri ndi dzina. Wogulitsa akakuuza kuti "iyi ndi RTX 4090, bwana", samanama, koma samanenanso zonse. RTX 4090 ya mu desktop ili ndi 24GB ndipo imakoka mawati 450. Ya mu laputopu ili ndi 16GB, malire ake ndi mawati 175, ndipo kachipu kake ndi ka mtundu umene uli mu RTX 4080 ya desktop. Dzina limodzi, mphamvu zosiyana kutalitali. Ngakhale malaputopu awiri okhala ndi khadi la dzina lofanana amatha kusiyana liwiro, chifukwa wopanga aliyense amasankha mawati amene alipatse. Ndiye funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale "ndi RTX chani?" koma "ikukoka mawati angati?" Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti nayenso wangogula kuti agulitse.

Chachitatu ndi kutentha ndi fumbi. Makinawa amapuma mpweya wambiri, ndipo mpweya wathu wa Okutobala umabwera ndi fumbi lake. Fumbilo likatseka njira za mpweya, mafani amalira ngati chigayo, liwiro limatsika. Wa ku Chikwawa kapena Salima akudziwa zomwe ndikunena. Kuiika pabedi kapena pamiyendo nkuipha pang'onopang'ono. Choopsa nchakuti mu laputopu, graphics card ndi purosesa zimakhala zomatiriridwa pa motherboard. Mu desktop khadi likapsa umachotsa nkuika lina. Mu laputopu umasintha bolodi yonse, ndipo bolodiyo simuipeza pa shelefu ku Limbe. Makina ambiri akubwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku South Africa, Dubai kapena America, chitsimikizo cha wopanga chitatha kale kapena chosagwira ntchito kuno.

Kunyamula nakonso ndi nkhani. Laputopu ya mainchesi 18 imalemera makilogalamu atatu kapena kuposerapo, osawerengera chaja. M'zikwama zambiri siilowa. Kukwera nayo minibasi tsiku ndi tsiku, kapena pa kabaza madzulo, ndi kuyenda utasenza mamiliyoni pamsana anthu akuona. Mapeto ake imangokhala patebulo, pafupi ndi soketi. Ndiye mwagula desktop yodula, yofooka poyerekeza ndi desktop yeniyeni ya mtengo womwewo.

Za mtengo ndiye musanene. Zapamwamba zimayambira pa madola 3,000 kupita m'mwamba. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kubanki idachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Laputopu ya madola 3,000 idadumpha kuchoka pa K3.5 miliyoni kupitirira K5 miliyoni tsiku limodzi. Ameneyo ndi mtengo wa kubanki, komwe dolayo kuipeza kwake nkovuta. Woitanitsa katundu akaigula pamsika wamseri, ndi inu amene mumalipira kusiyanako. Tsiku limene chaja kapena fani idzafe, mudzalipiranso m'madola omwewo.

Ndiye agule ndani? Amene makinawo akumubweretsera ndalama, komanso ntchito yake imamukakamiza kuyenda nawo: wojambula amene amakonza vidiyo pamalo a mwambo, injiniya woyendayenda m'maboma, wophunzira wosamuka hositelo chaka ndi chaka. Ngakhale ameneyo, ya mainchesi 15 kapena 16 yokhala ndi RTX 4060 imakwanira ntchito zambiri pa mtengo wotsika kwambiri. Wogwirira ntchito pamalo amodzi, desktop ndi invata nzabwino. Wongofuna kumenya mpira ndi anzake Loweruka, PlayStation 5 ikumukwanira, chenji nkugulira TV.

Ngati mwatsimikiza mtima, musalipire musanaiyese. Yatsani gemu yolemera kwa mphindi 30, mumve mafani, muone ngati siikuzima yokha. Onetsetsani kuti chaja ndi yake yeniyeni, chifukwa yamawati ochepa imaimana mphamvu. Windows imatha kukupatsani lipoti la batire, lomwe limaonetsa mmene yafookera. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni ndi katundu wake.

Ndipo aise, ngati ndalamayo ndi ya ngongole ya katapila kapena fizi ya semesita, dikirani kaye. Magetsi a pa kiyibodi sabweza ngongole.