Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale pa intaneti

Pali kamwambo kamene kazika mizu pakati pa achinyamata olemba fan fiction, nkhani zija amabwereka anthu a m'mabuku ndi m'mafilimu a eni ake, monga Harry Potter kapena Naruto, n'kuwapekera moyo wina. Kamwamboko kakuti nkhani ya mnzako usaidzudzule ngati mwiniwake sanakupemphe. Ikapanda kukusangalatsa, ingotseka uzipita. Ena amachita kulemberatu pamwamba pa nkhani kuti sakufuna owakonza.

Akuluakulu atamva zimenezi angagwire pakamwa. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Pa Archive of Our Own, malo a pa intaneti amene anatsegulidwa mu 2009 n'kudzalandira mphoto ya Hugo mu 2019, pali batani la kamtima lotchedwa kudos. Kulidina sikutulutsa thukuta. Ndiye taonani zimene zimachitika. Mtsikana walemba nkhani ya mitu 12. M'mutu wachitatu Hermione wa mu Harry Potter, uja sachoka mulaibulale, wayamba kudana ndi mabuku popanda chifukwa. Munthu amene anaikidwa m'manda m'mutu wachisanu akupezeka akumwa tiyi m'mutu wa 9. Ndime imodzi yadzaza foni yonse, yopanda popumira. Owerenga aziona zonsezi, koma angodina kamtima, wina n'kuwonjezera kuti "pitirizani msanga", basi. Mwana wa eni akukagona akudziwa kuti wafikapo, pamene anzakewo akumuseka kumbali.

Oikira kumbuyo mwambowu amati anthuwa salipidwa, amangolemba kuti asangalale. N'zoona. Koma Fifty Shades of Grey ya E. L. James inayamba ngati fan fiction ya Twilight, ndipo After ya Anna Todd inabadwira pa tsamba la Wattpad, wolembayo atatengeka ndi woimba Harry Styles. Nkhani ziwirizi zinasanduka mabuku ogulitsidwa m'masitolo, kenako mafilimu. Kaya ndi mabuku abwino, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chachikulu n'chakuti kumasanje komweku n'kumene kukuchokera olemba a mawa, ndipo tikuwalera ndi kuwomba m'manja kokhakokha.

Kwathu kuno, gulu la olemba limene linayamba ku Chancellor College mu 1970, la a Jack Mapanje ndi anzawo, linkakumana kuti munthu awerenge zimene walemba, anzake azisanthule iye ali pomwepo. Mayina awo tikuwatchulabe. Lero wolemba amasankha yekha beta reader, woti aione nkhani isanatuluke, ndipo kawirikawiri amasankha mnzake wapamtima amene sangayerekeze kumukhumudwitsa.

Inde, kutsina khutu si kulidula. Amene amalemba kuti "zopusa izi" n'kuthawa ndi wachipongwe chabe, ndipo mwana wa zaka 14 amene akulemba m'chinenero chosakhala chake ayenera kumulankhula mofatsa. Koma kumeneko n'kukonza kalankhulidwe. Si chifukwa chotsekera pakamwa aliyense.

Kudzudzula kwabwino ndi ntchito. Umawerenga kawiri, umatchula mutu ndi ndime pamene pasokonekera, umanenanso pamene pakoma ndi chifukwa chake. Ulesi wa owerenga ndi umene wabisala kuseri kwa timitima timeneti, ndipo ena akuutcha ulemu.

Inu olemba amene munapachika chikwangwani choletsa kudzudzulidwa, tachichotsani.